Wa njinga akafuna kuyamba kuthamanga: pa tala, m'phiri kapena pa makina?

Mvula itakhazikika mu Januwale chaka china, ndinatha masiku 9 osakwera njinga. M'mawa kunkacha ndi chifunga, madzulo msewu uli matope ndi miyala yokokoloka, ndipo nyengo ngati imeneyo madalaivala a minibasi munthu wa njinga samuona. Mpikisano umene ndinkakonzekera unali mu Meyi. Ndinatenga nsapato za pa kaunjika zomwe ndinkapita nazo kumsika, n'kunena kuti lero ndithamanga basi. Ndinadula makilomita 12 pa tala. Mpweya unali bwinobwino moti ndinkapereka moni kwa amayi ogulitsa mandasi osadukiza mawu. Ndinafika pakhomo ndikudziuza kuti kani anthu othamangawa amangokokomeza.

Kutacha, ntchafu zinali ngati wina wazisinja mumtondo. Tsiku linalo masitepe atatu a pakhonde ndinatsika chafutambuyo nditagwira khoma, ana ali phwete. Ululu utaphwa ndinabwereza, kenako ndinabwerezanso. Sabata yachitatu msongolo wakumanzere unayamba kubaya pamalo amodzi, poti n'kuloza ndi chala. Adokotala atadina pamenepo ndinadumpha. Anandiyang'ana n'kufunsa, "Achimwene, mwayamba liti kuthamanga?" Nditawauza, anangopukusa mutu n'kundiletsa kuthamanga kwa masabata 6. Mpikisano wa mu Meyi uja ndinaupalasa, koma ndi miyendo ya munthu amene wataya mwezi wathunthu akudzinyengerera.

Kuyambira pamenepo ndayesa pafupifupi njira zonse zimene wa njinga angalowetsere kuthamanga m'zokonzekera zake. Zina zinandithandiza, zina zinangondidyera nthawi. Koma poyamba timvetse chimene chimatigwetsa.

Injini ya lole pa ngolo ya ng'ombe

Pa njinga, kulemera kwa thupi kumasenzedwa ndi chishalo, handulo ndi mapedulo. Mwendo umangokankha mozungulira, palibe pamene umamenya pansi. Pothamanga, phazi lililonse likatera limalandira mphamvu yoposa kulemera kwa thupi kawiri kapena katatu. Munthu wa makilogalamu 65 ndiye kuti mwendo umodzi ukulandira makilogalamu 130 kapena kuposa, ndipo amaponda pansi ka 160 mpaka 180 pa mphindi imodzi. Mphindi 30 zokha ndi mapazi pafupifupi 5,000.

Kachiwiri, minofu imagwira ntchito mosiyana. Popalasa, mnofu wa ntchafu umafupika pamene ukukankha. Pothamanga, makamaka potsika, mnofu womwewo umatamuka uku ukugwira mabuleki kuti bondo lisapindike msanga. Ntchito ya mabulekiyi ndi imene imang'amba timinofu ting'onoting'ono, n'chifukwa chake ululu umafika pachimake pakapita tsiku limodzi mpaka atatu. Wa njinga akhoza kukhala ndi ntchafu ngati mitondo, koma ntchito imeneyi sizinaigwirepo.

Tsono vuto lenileni ndi ili. Munthu amene sachita masewera aliwonse akayamba kuthamanga, pakatha mphindi zisanu amakhala ali wefuwefu, n'kuima. Befuyo ndi amene amamuteteza. Ife mtima ndi mapapo zinakhwima kale pa zitunda za Thabwa ndi msewu wokwera ku Chawe, ndiye palibe chotiimitsa. Mtima umazolowera ntchito yatsopano m'masabata ochepa, pamene mitsempha ya kuchidendene ndi mafupa zimafuna miyezi. Zili ngati kumanga injini ya lole pa ngolo ya ng'ombe: idzathamanga ndithu, koma matabwa adzayoyoka panjira.

Si ife a kuno okha. Lance Armstrong, uja anadzalandidwa zikho zake za Tour de France, mpikisano waukulu wa njinga wa ku France, chifukwa cha mankhwala oletsedwa, anathamanga New York Marathon, mpikisano wa makilomita 42, mu 2006 n'kumaliza m'maola 2, mphindi 59 ndi masekondi 36. Ananena yekha kuti sanachitepo chinthu chozunza thupi ngati chimenecho, ndipo pambuyo pake anamupeza ndi mng'alu m'fupa la msongolo. Mapapo ake anali oti ochepa padziko angafanane nawo, koma fupa silinafunse zimenezo.

Nanga tithamangirenji? Chifukwa chachikulu ndi mafupa omwewo. Fupa limalimba likamagundidwa pang'onopang'ono, ndipo njinga siligunda. Madokotala a zamasewera anapeza kalekale kuti anthu amene amangopalasa pamsewu zaka zambiri, osachita china chilichonse, ambiri mafupa awo a msana ndi a m'chiuno amakhala osalimba poyerekeza ndi a othamanga. Kwa munthu amene tsiku lina adzagwa pa njinga, ndipo tonse timagwa, nkhani imeneyi si yaing'ono. Zifukwa zina ndi za tsiku ndi tsiku: mphindi 30 zothamanga zimatulutsa thukuta lomwe pa njinga mungalipeze pa ola lathunthu, nsapato zimalowa m'chikwama mukapita ku msonkhano ku Mangochi, ndipo mvula siziletsa.

Chimene kuthamanga sikungachite ndi kukupatsani liwiro loposa limene mukanapeza mukanakhala pa chishalo nthawi yomweyo. Mpikisano wa njinga umapambanidwa ndi maola a pa njinga. Amene angakuuzeni zina akugulitsa nsapato.

Pa tala

Apa ndi pamene aliyense amayambira, chifukwa msewu uli pakhomo pomwepo ndipo makilomita amawerengeka bwino pa foni. Ndi pamenenso ambiri timavulalira. Tala wosalala amachititsa kuti phazi lizitera chimodzimodzi kambirimbiri, katundu yense n'kumagwera pa fupa ndi mtsempha womwewo. Misewu yathu yambiri ndi yopendekera m'mbali kuti madzi azitsika, ndiye mukamathamanga mbali imodzi tsiku lililonse, mwendo wina umakhala ngati wautali kuposa unzake, bondo n'kuyamba kudandaula. Onjezanipo magalimoto, njinga zamoto za kabaza ndi m'mphepete mwa msewu modyeka.

Sindikuti tala ndi woipa. Ndikuti amafuna kudzichepetsa kumene wa njinga alibe. A zaumoyo a ku Britain, a NHS, ali ndi ndondomeko yotchedwa Couch to 5K: masabata 9, katatu pa sabata, ndipo sabata yoyamba munthu amathamanga mphindi imodzi n'kuyenda mphindi imodzi ndi theka, kubwereza choncho mpaka mphindi 20. Anaikonzera anthu ongokhala, koma ine ndimati imakwanira bwino kwambiri wa njinga. Mudzachita manyazi. Mudzamaliza osatuluka thukuta, mwana wa sukulu atakupitirirani ndi chikwama kumsana. Dziwani kuti tsiku limenelo simukuphunzitsa mtima, mukuphunzitsa msongolo, ndipo msongolo ndi mwana wa sitandade 1.

Amene ali ku Johannesburg, Cape Town kapena ku Britain ali ndi mwayi wa parkrun, makilomita 5 aulere Loweruka lililonse m'mawa, omwe anayamba mu 2004 ku Bushy Park mu London. Mtunda wake ndi woyenera ndithu. Choopsa n'chakuti pamakhala wotchi ndi anthu oti uwapitirire, ndipo wa njinga akaona msana wa munthu kutsogolo nzeru zimamuthawa.

Pa fumbi ndi pa udzu

Njira za m'minda, bwalo la mpira la pa sukulu, misewu ya m'minda ya tiyi ku Thyolo ndi ku Mulanje: apa phazi lililonse limatera mosiyana pang'ono, ndiye katundu amagawanika. Timinofu ta mu akakolo ndi m'chiuno tomwe pa njinga timangogona timadzuka. Kwa oyamba, ine ndimaika njira imeneyi patsogolo pa tala.

Mavuto ake ndi awiri. Akakolo a wa njinga ndi aulesi, anazolowera kumangidwa pa pedulo, ndiye kubinya n'kosavuta. Yang'anani pansi, chepetsani sitepe. Ndipo dothi la katondo mvula ikagwa limaterera ngati sopo, kenako limamata ku nsapato mpaka uzimva ngati wavala njerwa. Za agalu a m'midzi sindinena, mumawadziwa kale.

Chitunda

Pano ndiye pamene mtima wanga uli, ndipo ndikhalitsapo.

Munthu akamathamanga chokwera, phazi silimenya pansi mwamphamvu ngati pa malo athyathyathya, chifukwa nthaka imakumana nalo lisanatsike kwambiri. Thupi limawerama pang'ono, ntchafu ndi matako zimakankha, manja amakoka. Mukaganiza bwino, ndi zomwe timachita tikaimirira pa mapedulo pa chitunda chowawa. Mwa mitundu yonse ya kuthamanga, uwu ndi umene uli pa chibale ndi kupalasa. Ndi pokhapo pamene mungaulole mtima wanu waukulu uja kugwira ntchito yake yonse popanda kuphwanya ngolo.

Dziko lathu pa zimenezi linadalitsika. Wa ku Zomba ali ndi Potato Path, kanjira kokwera kuchokera m'tauni kukafika ku Chawe. Wa ku Blantyre wazunguliridwa ndi Michiru, Soche ndi Ndirande. Wa ku Lilongwe, kumene timadandaula kuti kulibe zitunda, akhoza kupita ku phiri la Bunda kapena la Nkhoma Loweruka. Dedza ndi Mzuzu sitichita kunena. Koma simufunikira phiri lathunthu. Kachitunda kotenga mphindi imodzi kapena ziwiri kukwera n'kokwanira. Ine ndimayenda mphindi 10 kuti thupi litenthe, n'kukwera mothamanga mphindi imodzi, kutsika wapansi pang'onopang'ono, kubwereza ka 6. Pakapita mwezi ndimafika ka 10. Zonse pamodzi sizipitirira mphindi 40, ndipo tsiku lotsatira ndimakwera njinga popanda kutukwana.

Mawu oti "kutsika wapansi" ndi amene agwira nkhani yonse. Kutsetsereka mothamanga ndiye ntchito ya mabuleki ija pa mlingo wake woopsa. Tsiku lina ndinakwera phiri ndi mnzanga wothamanga, titafika pamwamba iye anangoti, "Aise, tiye tikapumire pansi," n'kuliyatsa. Ndinamutsatira. Zinali zokoma ngati kutsika ndi njinga yopanda mabuleki, mphepo ili kuwomba m'makutu. Masiku anayi otsatira ndinkakhala pa mpando mochita kudzigwetsa, ndipo ulendo wa Lamlungu wa pa njinga ndinabwerera pa kilomita ya 20. Mphindi 15 za chisangalalo zinadya sabata yonse.

Ngati chitunda ndi chachikulu moti kuthamanga kukukanika, yendani mwachangu manja ali pa mawondo. Mtima udzagunda chimodzimodzi. Kwa munthu wa zaka zopitirira 40, kapena wa thupi lolemerako, ndinganene kuti ayambe ndi kuyenda kotereku mwezi wathunthu asanathamange n'komwe. Ndipo m'mapiri a m'mbali mwa tauni musapite nokha mbandakucha. Tengani mnzanu, foni yodula isiyeni kunyumba.

Pali msampha wina wokongola: Porters Race ya ku Mulanje. Imachitika mu Julaye, imayambira pa Likhubula, kukwera phiri, kudutsa pamwamba, n'kutsikanso, mtunda wopitirira makilomita 20. Inayamba ngati mpikisano wa anyamata onyamula katundu wa alendo, ndipo opambana amamaliza patangodutsa maola awiri. Wa njinga aliyense amene wazolowera zitunda amayamba kuilota. Chokwera mungachithe, mwinanso bwino kuposa anzanu a pa tala. Chotsika chija, pa miyala, miyendo itatopa kale, n'chimene anyamata a pa Likhubula anachiphunzira kuyambira ali ana atasenza katundu pamutu. Ngati mpikisano wanu wa njinga uli mu Ogasiti, pitani mukaombe m'manja.

Masitepe ndi makina

Masitepe a pa bwalo la masewera kapena a nyumba yosanja ndi chitunda cha munthu wa m'tauni. Phindu lake ndi lomwelo, lamulo lake ndi lomwelo: kukwera mwamphamvu, kutsika modekha. Amatopetsa maganizo msanga, ndipo alonda ena sakondwera nazo.

Makina othamangirapo a ku jimu, treadmill, ali ndi ubwino umodzi umene phiri lilibe: mukhoza kukwera mphindi 20 osatsikako ngakhale sitepe imodzi. Mumangowapendeketsa, basi. Kwa amene ali ku Manchester kapena ku Glasgow mu Disembala, kumene kumada isanakwane 4 koloko madzulo ndipo pansi pamakhala poterera, makinawa ndi chipulumutso. Kuno kwathu muyenera kuwerengera ndalama ya pa mwezi, ulendo wopita kumeneko, ndi magetsi omwe akhoza kuthima muli pakati pa liwiro.

Koma apa pali funso limene ambiri salifunsa. Ngati vuto lanu ndi mvula kapena mdima basi, ndipo cholinga ndi mpikisano wa njinga, ndalama ya jimuyo ingagule kachitsulo koimikapo njinga m'nyumba, kaja amati trainer. Pa liwiro la pa mpikisano, kachitsuloko kamaposa treadmill kutali, chifukwa mukupalasa njinga yanu yomwe, pa chishalo chanu chomwe. Pa mafupa sikathandiza chilichonse. Ndiye dziwani chimene mukugula.

Kuthamanga njinga ili pa phewa

Ku Belgium ndi ku Netherlands, nyengo yozizira amachita cyclocross: mpikisano wa pafupifupi ola limodzi m'matope ndi mumchenga, pomwe malo ena munthu amatsika, kuponya njinga pa phewa, n'kuthamanga nayo. Mathieu van der Poel ndi Wout van Aert, omwe lero amaopedwa pa misewu ya ku Ulaya, anakulira m'menemo. Van Aert anakhala katswiri wa dziko lonse katatu motsatizana kuyambira 2016 mpaka 2018, ndipo Van der Poel pofika 2025 anali atatenga ulemu umenewo ka 7. Anthu amakonda kuwatchula ngati umboni woti kuthamanga kumapangitsa munthu kukhala chilombo pa njinga. Iwalani pang'ono. Kuthamanga kwawo pa mpikisano ndi kwa masekondi, ndipo anayamba ali ana, mafupa akukula nako.

Phunziro lake ndi la iwo amene amapikisana pa njinga za m'mapiri, m'njira ngati za ku Luwawa pa Viphya, komwe kutsika n'kukankha ndi gawo la mpikisano. Amenewa kuthamanga pang'ono kumawapindulira mwachindunji. Pa ulendo wanu wa masiku onse sankhani chitunda chimodzi, tsikani, thamangani mukukankha njinga masekondi 30, kweraninso osaima. Mudzaona mmene miyendo imasokonekera mphindi yoyamba mutabwerera pa chishalo. Chisokonezo chimenecho chimachepa mukachizolowera.

Mpikisano wa duathlon ndi nkhani ina: kuthamanga makilomita 10, kupalasa 40, n'kuthamanganso 5. Amene akupita kumeneko salinso wa njinga wothamangako pang'ono. Kuthamanga ndi theka la ntchito yake, ndipo nsanje ya maola pakati pa ziwirizi ayenera kuithetsa mwa njira ina.

Loto la marathon

Chaka chikamatha timamva za akatswiri a njinga akuchita zodabwitsa wapansi. Mu Novembala 2021 Adam Yates anathamanga Barcelona Marathon m'maola 2 ndi mphindi 58, ndipo mwezi womwewo Tom Dumoulin, amene anapambana Giro d'Italia, mpikisano waukulu wa njinga wa ku Italy, mu 2017, anadula makilomita 10 m'mphindi 32 ndi masekondi 38 ku Maastricht. Onetsetsani mweziwo. Novembala ndi nthawi imene mipikisano yawo yatha, ndipo ali ndi madokotala ndi othofula minofu owadikirira.

Nkhani imene imandiphunzitsa kwambiri ndi yobwerera chakumbuyo. Michael Woods wa ku Canada anali wothamanga woopsa ali mnyamata, wotha kudula mailo imodzi mphindi 4 zisanakwane. Fupa la phazi linkangong'aluka mobwerezabwereza mpaka anasiya, n'kukwera njinga. Mu 2023 anapambana gawo la Tour de France pamwamba pa phiri la Puy de Dôme. Injini inasamuka bwinobwino kuchoka wapansi kupita pa njinga, chifukwa njinga imakhululuka. Ulendo wochoka pa njinga kupita wapansi ndi umene uli ndi msonkho.

Kukonzekera makilomita 42 kumafuna kuthamanga kanayi kapena kasanu pa sabata, kuphatikizapo ulendo wautali wa kumathero a sabata, tsiku lomwe lija la ulendo wautali wa njinga. Abale athu a ku Joni amaudziwa mkangano umenewu: Cape Town Cycle Tour, makilomita 109, imachitika mu Malichi, pamene Comrades, mpikisano wothamanga wa pafupifupi makilomita 90 pakati pa Durban ndi Pietermaritzburg, imabwera mu Juni. Alipo ochita zonse ziwiri, koma mukawafunsa bwino mupeza kuti imodzi amangoimaliza, inayo ndiyo amapikisana. Mapanga awiri avumbwitsa. Ngati mukufuna marathon, ipatseni chaka chake, njinga ikhale yopumulira.

Nanga osathamanga n'komwe?

Ili ndi yankho lovomerezeka, ndipo kwa ena ndi labwino kuposa onse. Kunyamula zitsulo kawiri pa sabata, makamaka kunjuta ndi chitsulo pa mapewa ndi kuchinyamula kuchokera pansi, kumalimbitsa mafupa ndi minofu, ndipo mwa zonse zochitika kunja kwa chishalo ndi kumene kuli ndi umboni wabwino woti kumawonjezera mphamvu pa pedulo. Zitsulo za simenti zothira m'zitini zomwe anyamata amaumba m'makwalala zimagwira ntchito yomweyo, bola wina wodziwa akuonetseni kaimidwe ka msana.

Kudumpha chingwe mphindi zisanu kumagunda mafupa mokwanira, sikufuna msewu, ndipo kumakonzekeretsa akatumba ngati mudzafune kuthamanga mtsogolo. Kusambira n'kwabwino pa mapewa ndi msana wopindika wa pa handulo, koma madzi amakunyamulani ngati chishalo, ndiye mafupa sapindula. Ndipo ku nyanja pewani malo a bango chifukwa cha likodzo. Mpira wa Loweruka pa dambo ndi wokoma, koma mawondo ozolowera kuyenda njira imodzi sakonda kupotokola mwadzidzidzi, ndipo pa dambo pamakhala mnyamata mmodzi amene amasewera ngati pali chikho.

Kwa achimwene anga a kabaza, ndi inu amene mumatsika ndi matumba a makala kuchokera kumapiri usiku, omwe mumalowa mipikisano ikapezeka: inu za kuthamangazi zisiyeni. Mumakankha njinga yolemera pa zitunda tsiku ndi tsiku, mafupa anu akugwira kale ntchito yomwe ife a mu ofesi tikuchita kuifunafuna. Chimene chimakusowani ndi mpumulo ndi chakudya chokwanira sabata ya mpikisano.

Kalendala, nsapato ndi mbale

Nthawi yoyambira ndi pamene mpikisano uli kutali, miyezi inayi kapena kuposa. Kuno kwathu dzinja limatikonzera lokha: kuyambira Disembala mpaka Malichi maola a njinga amachepa kale. Masabata 6 oyamba, kawiri pa sabata, mphindi 20, kuthamanga kosakaniza ndi kuyenda, ndipo pakati pazikhala masiku awiri. Musathamange tsiku loti mawa lake muli ndi ntchito yowawa pa njinga. Mipikisano ikayandikira, tsikirani kamodzi pa sabata, mphindi 20 mpaka 30 modekha. Ine masiku 10 omaliza nsapato ndimaziika pansi pa bedi.

Funso limene timakangana kwambiri ndi anzanga ndi loti, kodi usiyiretu nyengo ya mipikisano, kapena uzipitiriza pang'ono chaka chonse? Ndinayesa zonse. Ukasiya miyezi isanu, umabwerera ku sitandade 1, ululu uja n'kuulipiranso. Kamodzi pa sabata kamasunga zomwe unapeza pa mtengo wochepa. Ndimasankha kupitiriza.

Amene mumavala lamba woyeza mtima, dziwani kuti pothamanga mtima umagunda mokwererako, kawirikawiri ndi 5 mpaka 10 pa mphindi, poyerekeza ndi ntchito yofanana pa njinga. Musadabwe nazo. Njira yosavuta ndi yoti muzitha kucheza ndi mnzanu mukuthamanga.

Phunzirani kusiyanitsa ululu. Wofalikira m'minofu ya miyendo yonse iwiri, womwe umachepa thupi likatentha, ndi wa masiku onse. Wa pamalo amodzi pa fupa, womwe umakula mukamapitiriza kapena kukupwetekani ngakhale mutagona, ndi woti muime tsiku lomwelo n'kukaonana ndi adokotala. Chimodzimodzi mtsempha wa kumbuyo kwa chidendene ukamauma m'mawa uliwonse podzuka. Ine ndinanyozera chizindikiro choyamba masiku asanu, ndipo ndi amene anasandutsa sabata imodzi yopuma kukhala 6.

Nsapato za pa kaunjika si tchimo, ambiri tilibe kuchitira mwina, popeza yatsopano mtengo wake ungagule matayala awiri abwino. Koma nsapato yothamangira imatha mphamvu ikayenda makilomita 500 mpaka 800, ndipo ya pa kaunjika simudziwa kuti mwini wake woyamba anaifikitsa pati. Itembenuzeni muone kunsi: ngati chidendene chadyeka mbali imodzi, isiyeni. Dinani mkati ndi chala chachikulu. Ikhale yobwerera, osati yolimba ngati thabwa. Iimikeni pa tebulo muone ngati siyikupendama. Kutsogolo kwa chala kutsale mpata wa chala chimodzi, chifukwa phazi limatupa. Wogulitsa adzakuuzani kuti, "Bwana, iyi ndi nyuwani, inangovalidwa kamodzi." Inu dinanibe.

Pomaliza mbale. A njinga timakonda kudzimana kuti tipepuke pa zitunda, ndipo munthu wodya mopereweza akawonjezera kuthamanga ndiye amene fupa lake limang'aluka msanga. Usipa, matemba ndi bonya zodya ndi minga yomwe, chambiko, bonongwe, nyemba, ndi nsima yokwanira ntchito imene mwagwira. Kwa alongo athu opalasa, msambo ukayamba kudumphadumpha kapena kusiya pamene mwawonjezera masewera, kawirikawiri ndi chizindikiro choti thupi likulandira chakudya chochepa kuposa chimene likuwononga, ndipo mafupa ndi amene amalipira. Pitani kuchipatala musanawonjezere kilomita ina. Mu Okutobala, makamaka ku Chikwawa, Nsanje ndi m'mbali mwa nyanja, thamangani dzuwa lisanatuluke, chifukwa wapansi mulibe kamphepo kaja kamene kamakuziziritsani pa njinga.

Panopa sabata yanga imayenda chonchi: Lachiwiri mbandakucha kachitunda ka kuseri kwa tchalitchi, kukwera ka 8, kutsika wapansi. Lachinayi zitsulo kwa mnyamata wa pafupi, amene amandilipiritsa mtengo wa botolo la Fanta. Masiku ena onse ndi a njinga. Agogo ena amene amasesa pakhomo pawo nthawi imeneyo anandiyang'ana kwa mwezi wathunthu ndikukwera n'kutsika pamalo amodzimodzi, kenako tsiku lina anaimika tsache n'kundifunsa, "Mwanawe, kodi chimene unataya pamenepa sunachipezebe?"